Mmene mungasungire mapasiwedi kuti foni ikatayika musataye zonse

Azakhali anga anaberedwa foni m'minibasi tsiku la msika, thumba la ufa lili pamiyendo. Sinali foni yodula, ndipo pasanathe sabata ana awo anali atasonkherana n'kuwagulira ina. Vuto linayamba titakhala pakhonde kuti tiitsegule. Foni yatsopano inafunsa imelo. Azakhali anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ine zimenezo ndilibe." Anali nayo imeloyo, koma anawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu pomwe anagula foni yoyamba, ndipo dzina ndi pasiwedi yomwe anasankha ndi iyeyo. Shopuyo inatsekedwa kalekale. M'akaunti imeneyo munali manambala a anzawo a kumpingo ndi a banki m'khonde, komanso zithunzi za malemu amuna awo. Tinalimbana nayo mpaka dzuwa kulowa, osatheka. Manambala anawatoleranso pang'onopang'ono. Zithunzi zija sanazionenso.

Anthu akamakamba za mapasiwedi amathamangira nkhani ya mbava za pa intaneti. Mbavazo zilipodi, ndipo tizikamba. Koma mwa anthu amene ndawathandizapo, ambiri sanaberedwe ndi munthu. Anangoiwala, kapena pasiwediyo sanaidziwepo n'komwe. Mutu wa munthu sungasunge mapasiwedi makumi awiri osiyana, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chofunika ndi kukhala ndi malo amodzi odalirika olembapo, ndi kuteteza zinthu ziwiri zimene maakaunti ena onse atsamira: imelo ndi nambala yanu ya foni. Patulani madzulo amodzi, foni ili ndi moto, kabandulo kalimo, cholembera chili pafupi.

Choyamba: dziwani imelo imene ili m'foni mwanu

Ngati foni yanu ndi ya Android ndipo munakokapo WhatsApp pa Play Store, ndiye kuti muli ndi akaunti ya Google, kaya mukuidziwa kaya ayi. Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kapena kachilembo kozungulira kamene kali pamwamba chakumanja. Pamenepo muona dzina lothera ndi @gmail.com. Likopereni papepala chilembo ndi chilembo, osadumpha kadontho ngakhale kamodzi.

Tsopano dzifunseni moona mtima: pasiwedi yake ndikuidziwa? Ngati simukuidziwa, ikonzeni lero foni ikadali m'manja mwanu, chifukwa ino ndiyo nthawi imene Google imakukhulupirirani mosavuta. Pitani pa myaccount.google.com, sankhani Security, kenako Password. Ikafunsa pasiwedi yakale, dinani Forgot password kapena Try another way. Nthawi zambiri imakufunsani loko wa foniyo kapena kutumiza khodi ku nambala yanu, n'kukulolani kuika yatsopano. Foni ikatayika, njira zonsezi zimapita nayo.

Pali chifukwa chinanso. Mafoni a Android ali ndi chitetezo choti akafometedwa mosatsata njira, amakana kutseguka mpaka mutalowetsa akaunti ya Google imene inalimo kale. Anachikonza n'cholinga chokhaulitsa akuba, koma amene chimawaluma kawirikawiri ndi eni ake enieni, amene amapezeka akulipira amisiri okonza mafoni kuti awatsegulire foni yawo yomwe.

Ngati imeloyo anakutsegulirani ndi munthu wina, kaya ndi mdzukulu, kaya wa pashopu, sinthani pasiwedi ngakhale mukuidziwa. Kiyi wa nyumba yanu sayenera kukhala m'thumba la mmisiri amene anaika chitseko.

Chachiwiri: werengani maakaunti anu onse

Tengani pepala wamba, lembani chilichonse chimene chimakufunsani pasiwedi kapena nambala yachinsinsi. Facebook, WhatsApp, TikTok, Airtel Money kapena Mpamba, pulogalamu ya banki, webusaiti ya kusukulu kapena kuyunivesite, malo ofunsirapo ntchito, imelo ya kuntchito, Wi-Fi ya kunyumba. Kuti mukumbukire zina zoiwalika, tsegulani Gmail n'kusaka mawu akuti welcome kapena verify. Makalata amene atulukepo akusonyezani kumene munalembetsa. Anthu ambiri amadabwa kupeza kuti mndandanda wadutsa 15.

Maakaunti amene simuwafunanso atsekeni. Otsalawo muwaike chizindikiro: amene ali ndi ndalama, amene ali ndi dzina lanu pamaso pa anthu, ndi ena wamba. Muyamba kukonza oyambawo.

Chachitatu: sankhani posungira, kope kapena pulogalamu

Kwa zaka zambiri tinkauzidwa kuti pasiwedi salemba papepala. Malangizo amenewo anapangidwira anthu a m'maofesi amene ankamata kapepala pakompyuta pomwe aliyense wodutsa akuwerenga. Kwa munthu wa kunyumba, ine ndimaona kuti kope losungidwa bwino ndi labwino kuposa pasiwedi imodzi yogwiritsa ntchito paliponse. Wakuba amene ali kutsidya la nyanja sangatsegule sutikesi ya kuchipinda kwanu.

Gulani kope laling'ono lachikuto cholimba. Pachikuto musalembepo kanthu kosonyeza za m'kati. Akaunti iliyonse ipatseni tsamba lakelake, ndipo patsambapo mulembe zinthu zisanu: dzina la webusaiti, dzina kapena imelo imene mumalowera, pasiwedi, nambala ya foni imene munalembetsa kumeneko, ndi tsiku limene mwalemba. Mukasintha pasiwedi, dulani mzere pa yakaleyo n'kulemba yatsopano pansi pake pamodzi ndi tsiku. Musadalire kuti mulemba mawa. Lembani kaye m'kope, kenako n'kuilowetsa m'foni mukuyang'ana m'kopemo. Mukatero mwatsimikiza kuti zimene zili papepala n'zimene zili m'akaunti.

Samalani kalembedwe, chifukwa apa m'pamene ambiri amagwa. Ziro ndi chilembo O zimafanana, 1 ndi l ndi I nazonso n'chimodzimodzi. Dulani kamzere pakati pa ziro aliyense, ndipo chilembo chachikulu chilichonse muchiike kamzere kunsi. Ndinaonapo bambo wina akutsekeredwa akaunti atayesa kasanu, pasiwedi ili m'manja mwake, chifukwa sankatha kusiyanitsa 5 ndi S zimene analemba yekha.

Kopelo liikeni m'jumbo, mulisunge pamodzi ndi masatifiketi ndi mapepala a malo, kumene mvula yodontha ndi chiswe sizifika. Musaliyende nalo m'chikwama. Musalijambule ndi foni, chifukwa chithunzicho chimalowa m'gulu la zithunzi zina, ndipo aliyense wobwereka foni kuti aone zithunzi za ukwati achipeza. Musadzitumizirenso mapasiwedi pa WhatsApp kapena kuwasunga ngati dzina la munthu m'manambala.

Ngati m'nyumba mumakhala anthu ambiri ndipo mukuopa maso, pali kanjira kosavuta. Sankhani kamchira ka zilembo zitatu kapena zinayi kamene muzikaika kumapeto kwa pasiwedi iliyonse, koma osakalemba m'kope. Wowerenga kope apeza pasiwedi yosakwana. Kamchirako n'kamodzi kokha, mutu ukhoza kukasunga.

Amene muli ndi maakaunti ambiri ndipo foni simubwereketsa, pulogalamu yosungira mapasiwedi ikuchepetserani ntchito. M'foni ya Android muli kale Google Password Manager: tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu, pitani ku Settings, muipeza. Imasunga pasiwedi mukamalowa pawebusaiti, imakupangirani yatsopano yovuta kuiganizira, ndipo imadzaza yokha ulendo wotsatira. Pa iPhone pali yofanana nayo ya Apple. Bitwarden ndi yaulere ndipo imagwira pafoni ndi pakompyuta pomwe. KeePassDX imasunga zonse m'fayilo yokhoma m'foni mwanu momwemo osafuna intaneti, koma fayiloyo muyenera kuikopera kwina nokha, apo ayi idzapita ndi foni.

Ubwino wina wa mapulogalamuwa ndi woti sapusitsika ndi webusaiti yabodza. Tsamba likhoza kuoneka ngati la Facebook ndendende, koma ngati adiresi yake ndi ina, pulogalamuyo siidzaza pasiwedi. Kuipa kwake n'koti zonse zadalira pasiwedi imodzi yaikulu. Mukaiiwala ya Bitwarden kapena ya KeePassDX, palibe ofesi imene mungakadandauleko. Ndipo mu 2022 mbava zinakopera nkhokwe zokhoma za makasitomala a LastPass, kampani ya pulogalamu ina yosungira mapasiwedi. Amene anali pangozi kwambiri ndi amene pasiwedi yawo yaikulu inali yaifupi. Choncho ngakhale musankhe pulogalamu, kope likufunikabe, lokhala ndi zinthu zochepa: pasiwedi yaikuluyo, ya imelo, ndi makhodi amene tikambe kutsogoloku.

Chachinayi: pangani mapasiwedi atsopano, iliyonse yakeyake

Mu 2009 kampani ina ya ku America yotchedwa RockYou inaberedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni, ndipo atawerengedwa inapezeka kuti yotchuka kuposa onse inali 123456. Kwathu kuno tili ndi athu ofanana nawo: dzina la mwana ndi chaka chobadwa, dzina la timu ya mpira, nambala ya foni yomweyo, vesi la m'Baibulo lodziwika ndi aliyense. Munthu amene amakuonani pa Facebook zonsezi amazidziwa kale.

Choopsa kuposa pasiwedi yofooka ndi pasiwedi imodzi yogwira ntchito paliponse. Webusaiti imodzi ikathyoledwa, mbava zimatenga imelo ndi pasiwedi n'kukaziyesa kwina konse ndi makina. LinkedIn inathyoledwa mu 2012, ndipo mu 2016 mapasiwedi ake oposa 100 miliyoni anayamba kugulitsidwa. Chaka chomwecho maakaunti a Twitter ndi Pinterest a Mark Zuckerberg, mwini wake wa Facebook, analowedwa, ndipo amene anachita zimenezo ananena kuti pasiwedi anaipeza m'mulu womwewo. Ngati zinamugwera iyeyo, ife sitingadzinamize. Mukafuna kuona ngati imelo yanu inatulukapo m'mulu wotere, ilembeni pa haveibeenpwned.com, webusaiti imene katswiri wa ku Australia, Troy Hunt, anakhazikitsa mu 2013. Imafunsa imelo yokha.

Pasiwedi yabwino ndi yaitali. Njira imene ndimaphunzitsa ndi ya mawu anayi osagwirizana. Tengani nyuzipepala kapena buku lililonse, tsinzinani, lozani mawu, tsegulani tsamba lina, lozaninso, mpaka akwane anayi. Mupeza zinthu ngati lichero, njanji, utaka, mlambe. Alumikizeni ndi kachizindikiro, onjezani chilembo chachikulu ndi nambala ngati webusaitiyo ikufuna: Lichero-njanji-utaka-mlambe7. Imeneyi musaigwiritse ntchito, yaonedwa kale ndi onse owerenga pano. Mukasankha mwachisawawa mawu anayi pa mawu 2,000, njira zimene angatulukire ndi 16 thililiyoni, pamene nambala yachinsinsi ya manambala anayi ili ndi njira 10,000 zokha. Mwambi kapena mzere wa nyimbo ya m'kwaya usakhale pasiwedi, chifukwa mawu ake amakokana okha.

Simukufunika kusintha mapasiwedi mwezi ndi mwezi. Bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linasintha malangizo ake mu 2017 litaona kuti kukakamiza anthu kusinthasintha kumangowachititsa kuwonjezera 1 kapena 2 kumapeto kwa pasiwedi yakale. Sinthani pamene pali chifukwa: mwauza munthu, mwalowera pakompyuta ya eni, foni yabedwa, kapena mwalandira uthenga woti wina walowa.

Musayese kumaliza zonse usiku umodzi. Lero konzani imelo ndi Facebook. Enawo muziwasintha tsiku limene mwawatsegula.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba ndi khadi la ku banki ndi nkhani ina. Imeneyi ikhale m'mutu, isakhale chaka chanu chobadwa chimene chalembedwa pachiphaso cha unzika chomwe mumayenda nacho m'chikwama chimodzi ndi foni, ndipo isafanane ndi loko wa foni. Pa ejenti dinani nokha, dzanja lina litaphimba. Mukaiiwala, kampani ikhoza kukukonzerani mukapita ndi chiphaso chanu, choncho palibe chifukwa choilembera pakapepala kuseri kwa kava ya foni.

Chachisanu: onani nambala imene akaunti iliyonse ikudziwa

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha, koma ndi limene limapulumutsa. Mukaiwala pasiwedi, webusaiti imatumiza khodi ku nambala kapena imelo imene munalembetsa. Ngati nambalayo munaitaya zaka zitatu zapitazo, khodiyo ikupita kwa munthu wina, chifukwa makampani a mafoni amatenga nambala zimene zakhala nthawi yaitali osagwira ntchito n'kuzigulitsanso.

Pa Google, pitani ku Security n'kuyang'ana Recovery phone ndi Recovery email. Pa Facebook, yang'anani ku Accounts Centre pamene pali nambala ndi imelo. Chotsani zakale, ikani zimene muli nazo lero, lembani m'kope. Onetsetsaninso kuti simukhadi yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu, osati cha mlamu kapena cha wogulitsa m'mbali mwa msewu. Foni ikabedwa, amene angabwezeretse nambalayo ndi mwini chiphaso.

Amene mukukonzekera ulendo wa ku Joni kapena kwina kunja, chitani zimenezi musanakwere basi. Abale ambiri amafika kumeneko, amagula simukhadi yatsopano, ya kumudzi n'kuitaya m'chikwama. Patapita chaka foni ikawonongeka, Facebook ndi Gmail zikutumiza makhodi ku nambala ya ku Malawi imene inafa kale. Mukangopeza nambala yatsopano, ilowetseni m'maakaunti onse muli m'kati. Pa WhatsApp gwiritsani ntchito Change number.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani loko wachiwiri

Pa WhatsApp pitani ku Settings, Account, Two-step verification, n'kusankha nambala ya manambala 6. Ikaninso imelo pamene ikufunsa. Ntchito yake ndi ya mphindi ziwiri, koma imatseka njira imene akathyali amakonda kwambiri. Umalandira meseji yooneka ngati ya mnzako kapena ya wa m'gulu la kumpingo: "Pepani, ndatumiza khodi ku nambala yanu molakwitsa, nditumizireni." Khodi imeneyo ndi ya WhatsApp yanu. Mukangoipereka, akaunti yapita, ndipo pasanathe ola abale anu ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama za kuchipatala m'dzina lanu. Khodi yobwera pa meseji sauza munthu, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa kukampani ya foni kapena wa ku banki. Ogwira ntchito enieni safunsa khodi kapena nambala yachinsinsi.

Pa Google tsegulani 2-Step Verification, pa Facebook Two-factor authentication, kuti wolowa pa chipangizo chachilendo azifunsidwa kutsimikiza pafoni yanu kapena kulowetsa khodi kuwonjezera pa pasiwedi. Mukatha, musatseke msanga. Funani pamene palembedwa Backup codes kapena Recovery codes. Google imapereka makhodi 10 a manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Akopereni m'kope onse, muzidula mzere pa imene mwagwiritsa ntchito. Tsiku limene foni ndi simukhadi zidzapite limodzi, makhodi amenewa ndi amene adzakulowetseni. Loko wachiwiri wopanda makhodi osungira akhoza kukutsekerani kunja inu nomwe, choncho ziwirizi zichitikire pamodzi.

Foni nayo ikhale ndi loko wake, makamaka ngati mapasiwedi mwawasunga mu Chrome, pakuti wotsegula foni watsegula zonse.

Mukalowera pa chipangizo cha eni

Nthawi zina sitingachitire mwina: kukasindikiza kalata yofunsira ntchito pa kafe, kuona zotsatira za mayeso pafoni ya mnzathu. Musanalowe, tsegulani Incognito mu Chrome, tsamba limene silisunga mbiri ya zimene mwatsegula mukalitseka. Likatuluka funso loti pasiwedi isungidwe, kanani. Mukamaliza dinani Sign out kapena Log out, osangotseka tsamba. Ngati wa pakafe akufuna kukuthandizani, pasiwedi lembani nokha. Mukafika kunyumba, onani pa Your devices mu akaunti ya Google, kapena Where you're logged in pa Facebook, n'kutulutsa chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa. Chitani chimodzimodzi musanagulitse foni kapena kuipatsa mwana: chotsani kaye akaunti yanu, kenako n'kuifometa.

Munthu mmodzi adziwe pamene pali kope

Nkhani iyi sitikonda kuikamba, koma chakudza sichiimba ng'oma. Munthu akagonekedwa m'chipatala kapena akatisiya, a pabanja amasowa polowera: zithunzi, manambala a anthu amene anali nawo ngongole, mapepala a bizinesi, zonse zili kuseri kwa loko. Ndipo kuyambira mu December 2023, Google inayamba kutsatira lamulo loti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi za m'kati mwake.

Sankhani munthu mmodzi amene mumamudalira, mumuuze pamene kope limakhala. Ngati munagwiritsa ntchito kamchira kaja, kalembeni pakapepala pamodzi ndi loko wa foni, muike mu envelopu yomata, musainire pomatapo, mumupatse asunge. Google ilinso ndi Inactive Account Manager, pamene mumasankha munthu wodzalandira zinthu zanu akaunti ikakhala chete kwa miyezi imene mwaika nokha, ndipo Facebook ili ndi Legacy contact. Ndalama za m'foni ndi za ku banki zili ndi njira yake ya lamulo yotsatira munthu akamwalira, choncho nambala zachinsinsi za ndalama musaziike mu envelopumo.

Pomaliza, yesani ngati zikugwira

Kope limene silinayesedwe musalikhulupirire. Bwerekani foni ya wa m'nyumba mwanu, yanuyo muiike m'chipinda china ngati yabedwa, tsegulani Incognito, yesani kulowa mu Gmail pogwiritsa ntchito zimene zili m'kope zokha. Ikafunsa kutsimikiza pafoni, dinani Try another way n'kulowetsa imodzi mwa makhodi osungira aja. Mukalowa, tulukani, dulani mzere pa khodiyo, yesani Facebook. Pamene mwakakamira m'pamene pali chosowa. Chikonzeni pomwepo, foni yanu ikadali m'chipinda chinacho. Bwerezani kuyesaku kamodzi pachaka, ndiponso nthawi iliyonse imene mwasintha nambala kapena foni.

Azakhali tinawatsegulira imelo ina tsiku lotsatira. Mawu anayi anasankha okha m'nyuzipepala imene anakulungira tomato, ndipo analemba okha ndi dzanja lawo, zilembo zikuluzikulu zodzaza mizere iwiri. Kopelo lili m'jumbo ya buluu, m'sutikesi momwe muli khadi lawo la ubatizo, ndipo mwana wawo wamkulu akudziwa pamene lili.